Musanakumbe dzenje: kujambula munda wa zipatso pakhomo ku Salima

Mbande ya mango ikadali m'chubu imanyenga maso. Imakwana m'dzanja, ndipo woibzala akaona mpata wa mamita 3 pakati pa nyumba ndi khitchini amati malo ndi ambiri. Pakapita zaka 10 nthambi zafika mamita 4 kapena 5 mbali iliyonse, masamba akuwoletsa malata, mtengo wa mandimu womwe unabzalidwa pambali wafookera mumthunzi, ndipo chotsala n'kuitana wa nkhwangwa. M'makomo ambiri mitengo ya zipatso imabzalidwa chonchi: mbande ikapezeka, dzenje limakumbidwa pomwe paoneka mpata tsiku limenelo. Chimanga ukachilakwitsa chaka chino umakonza chaka chamawa, koma mtengo wolakwika malo umakhala pomwepo zaka makumi. N'chifukwa chake munda wa zipatso, ngakhale wa mitengo 10 yokha, uyenera kuyambira papepala.

Pepalalo lisanatengedwe, dziwani kuti malowo ndi a yani. Kwathu kuno mtengo wobzala ndi manja umanena za umwini, ndipo pamalo a makolo, makamaka bambo akakhala pachikamwini, nkhani ya mitengo imabuka mochedwa, zipatso zitayamba kubweretsa ndalama. Khalani pansi ndi a mwinimbumba, yendani m'malire ndi oyandikana nawo pamaso pa a mfumu, ndipo pomwe mwagwirizana pakhomedwe chikhomo kapena pabzalidwe khonje. Lamulo la malo a makolo la 2016 linapereka mwayi wolembetsa malo oterewa, koma ngakhale musanafike kumeneko, malire ovomerezana pamaso pa mboni ndiwo mzere woyamba wa mapu anu.

Kukula kwa munda kumadziwika ndi madzi. Mvula ya ku Salima imayamba kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala n'kutha mu Malichi kapena Epulo, kenako pamadutsa miyezi ngati 7 yopanda mvula yodalirika, ndipo kutentha kwa Okutobala wa kunyanja kuno aliyense amakudziwa. Mbande yobzalidwa mu Disembala imalowa m'chilimwe choyamba mizu isanazame. Imafuna ndowa ya malita 20 kawiri pa sabata. Pamchenga wa m'mphepete mwa nyanja, monga ku Senga Bay, madzi omwewo agawidwe katatu chifukwa mchenga susunga chinyontho. Werengani tsono: mitengo 16 ndi ndowa 32 pa sabata, malita 640. Ngati mjigo uli patali ndipo pamakhala mzere, adzatunge ndowazo ndani mu Okutobala, pamwamba pa madzi akumwa, ophikira ndi ochapira? Ayankhe funsoli ndi amene adzasenze, pakuti nthawi zambiri wogula mbande ndi wina, wotunga madzi ndi wina. Banja likaona kuti lingakwanitse ndowa 16, chaka choyamba libzale mitengo 8, inayo idikire Disembala wina. Mapu ajambulidwe a munda wonse, kubzala kuchitike m'magawo. Lawaninso madziwo. Ngati mjigo wanu ndi wamchere, malalanje, mandimu ndi mapeyala ndiwo amayamba kuonetsa, masamba amapsa m'mphepete n'kumayoyoka.

Zida zake n'zosavuta: kope la masamu la timabokosi, pensulo, chofufutira, rula, kampasi ya ana a sukulu, zikhomo, ndi chingwe cha mamita 30 chosatamuka. Bwerekani tepi kwa mmisiri womanga nyumba kwa tsiku limodzi, muyeze chingwecho n'kumangirira kansalu pa mita iliyonse, kofiira pa mamita 5 aliwonse. Tepi isanabwerere kwa mwini wake yezaninso phazi lanu. Tambasulani mamita 20 pabwalo, muyende katatu mayendedwe anu a masiku onse, mukuwerenga. Mukapeza mapazi 27, ndiye kuti phazi lanu ndi masentimita ngati 74. Ambiri amatenga phazi limodzi ngati mita yathunthu, ndiye mpata womwe amati ndi mamita 10 umapezeka kuti ndi 7 okha, mitengo n'kudzakumana msanga. Mapazi ndi ongoyerekezera malo. Popangira maenje gwiritsani chingwe. M'kope, kabokosi kamodzi kaimire mamita 2. Potero malo a mamita 30 m'lifupi ndi 40 m'litali amakwana patsamba limodzi, timabokosi 15 kwa 20.

Yambani ndi khoma la nyumba, chifukwa ndi lowongoka ndipo silisuntha. Liyezeni, mulijambule, ngodya zake ziwiri muzitchule A ndi B. China chilichonse chipezeke poyeza kuchokera pa ngodya ziwirizi. Tinene kuti mtengo wa bwemba uli pa mamita 14 kuchokera pa A ndi mamita 18 kuchokera pa B: tsegulani kampasi timabokosi 7, muimike pa A n'kulemba kachigawo ka mkombero, kenako timabokosi 9 kuchokera pa B. Pomwe mizere iwiriyo yadutsana ndi pomwe pali bwemba. Chitani chimodzimodzi ndi ngodya za malire, khitchini, nkhokwe, khola, bafa, chimbudzi, chitsime kapena mpopi, chulu, njira ya ngolo, mawaya a ESCOM ndi pomwe panadutsa paipi ya madzi. Mitengo yomwe ilipo kale ijambulidwe ndi kukula kwa mthunzi wake. Nsangu, masawu, bwemba ndi mlambe musafulumire kuzidula. Nsangu imayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho siphimba mbewu pomwe zikukula, ndipo imakometsa nthaka. Ikaninso zomwe kulibe lero koma zikubwera: pomwe mnyamata adzamange gowelo, pomwe padzakumbidwe chimbudzi china ichi chikadzadza, kumene nyumba idzaonjezeredwe chipinda. Malo amenewa asalandire mtengo waukulu. Mango atalikirane ndi nyumba, chimbudzi ndi chitsime mamita 8 kapena kuposerapo, ndipo pansi pa mawaya a magetsi pasakhale mtengo wotalika.

Pali zina zomwe chingwe sichiyeza koma ziyenera kulowa m'mapu, ndipo apa mpofunika kudekha. Lembani muvi woloza kumpoto. Salima ali pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa ikweta, choncho mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo masana mthunzi umagwera kummwera. Mtengo wotalika mamita 8 umaponya mthunzi wa mamita ngati 6 nthawi imeneyo. Mitengo italiitali ikhale tsono kummwera kwa munda, yaifupi kumpoto, kuti wina asabisire mnzake dzuwa. Mwamwayi mbali yomweyo ndi komwe kumachokera mwera, womwe umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa kuyambira Meyi mpaka chakumapeto kwa Ogasiti kapena Seputembala. Mwera umang'amba masamba a nthochi, umagwetsa mapapaya olemedwa ndi zipatso, umaumitsa nthaka, ndipo umafika pomwe mango akuchita maluwa. Mango akakula adzatchinjiriza timitengo tina, koma zaka zoyamba eni ake amafuna chotchinga. Mzere wa gilisidiya kapena nandolo m'malire a kummwera ndi kum'mawa umakula msanga ndipo masamba ake ndi manyowa. Bulugamu ayi, amamwa madzi omwe mukuvutikira kutunga. Mtengo umodzi wamthunzi kumadzulo kwa nyumba, pa mtunda woyenera uja, umachepetsa kutentha kwa khoma madzulo a Okutobala.

Madzi a mvula nawo ali ndi njira zawo. Tulukani mvula yamphamvu ikangokata, mu Januwale kapena Febuluwale, muone komwe madzi a padenga ndi a pabwalo akulowera, pomwe akudikha, pomwe akukokolola. Lembani mivi. Madzi a padenga ndi chuma chopita pachabe m'makomo ambiri, pomwe kangalande kakang'ono kakhoza kuwatsogolera ku nthochi. Ngati malo ndi otsetsereka, mizere ya mitengo itsate akalozera, ndipo alangizi a zaulimi amathandiza kuwayeza. Izi zikutanthauza kuti mapu abwino amatenga dzinja limodzi lathunthu akujambulidwa, kubzala n'kudzachitika dzinja lotsatira. Ambiri amaona ngati n'kutaya chaka. M'kuona kwanga chaka chimenechi ndicho chimapulumutsa ndalama za mbande.

Nthaka ya ku Salima imasintha pa mtunda waufupi. Khomo limodzi likhoza kukhala ndi mchenga kumtunda ndi makande kumunsi. Kumbani maenje oyesera atatu kapena anayi m'malo osiyana, akuya mita imodzi, muwavindikire ndi mitengo kuopa ana ndi ziweto, ndipo muziwasuzumira mu Febuluwale. Dzenje lomwe madzi akhalamo masiku angapo mvula itakata likukuuzani kuti pamenepo ndi lowe. Ngakhale m'chilimwe dothi limaulula: lotuwa lokhala ndi timadontho ta dzimbiri ndi lomwe limamira m'dzinja. Pamalo otere papaya amafa m'masiku ochepa, mapeyala amaola mizu, malalanje amadwala patsinde. Mango ndi magwafa amapirirako. Makande, dothi lakuda lija long'aluka m'chilimwe n'kumata m'dzinja, ali ndi msampha wake. Mukakumba dzenje n'kulidzaza dothi lofewa la manyowa, madzi onse ozungulira amathamangira momwemo n'kukhala, mbande n'kumira m'dzenje lomwe munalikonza bwino. Pamakande bzalani pamtumbira wotalika masentimita 30, wotambalala mita imodzi ndi theka. Mapeyala ndinene mosabisa: amakonda madera ozizirirako a mvula yambiri ngati Thyolo ndi Mulanje, ndipo kunyanja kuno amafuna nthaka yakuya yosadikha madzi ndi kuthirira kosadukiza. Yesani umodzi pamalo abwino kwambiri, musawapatse mzere wonse.

Tsopano dulani timikombero ta katoni toimira mitengo itakula. Mango omezanitsa amafuna mamita 10, ndiye kamkombero kake kakhale timabokosi 5 kuchoka mbali ina kufika ina. Malalanje, mandimu, manachesi ndi magwafa mamita 6, timabokosi 3. Nthochi ndi mapapaya mamita 3. Pali alimi a malonda omwe amabzala mango mothithikana kuposa apa, koma iwo amadulira chaka ndi chaka mosaphonya. Pakhomo pomwe kudulira kumaiwalika, mamita 10 ndiwo otetezeka. Yalani timikomberoto pamapu, muzitisuntha mpaka tikwane popanda kukwerana kapena kutuluka m'malire. Mitengo iwiri yosiyana ikayandikana, tengani theka la mpata wa uwu kuphatikiza theka la mpata wa uwo: pakati pa mango ndi lalanje ndi 5 kuphatikiza 3, mamita 8. Kuchokera m'malire siyani theka la mpata wa mtengowo. Mango obzalidwa pamalire penipeni amadzetsa milandu iwiri, wa mthunzi pambewu za mnzanu ndi wa zipatso zogwera kwake. Ntchito ya timikomberoyi ichitike banja lonse lilipo, chifukwa amayi amadziwa pomwe amayanika ufa ndi zovala, malo omwe sayenera kulowa mumthunzi.

Tiyerekeze malo a mamita 30 kuchoka kum'mawa kufika kumadzulo, ndi 40 kuchoka kummwera kufika kumpoto, nyumba ili kumpoto kwake. Mzere woyamba wa mango ukhala pa mamita 5 kuchokera m'malire a kummwera, mitengo itatu pa mamita 5, 15 ndi 25. Mzere wachiwiri pa mamita 15, itatunso. Pa mamita 23 pakubwera mzere wa malalanje ndi manachesi, mitengo isanu pa mamita 3, 9, 15, 21 ndi 27, ndipo pa mamita 29 mzere wina wa isanu: mandimu awiri, gwafa mmodzi, ndi iwiri yomwe banja lasankha. Yakwana 16 ija. Mamita 8 otsala pafupi ndi nyumba ndi a nthochi, komwe madzi a kubafa ndi otsukira mbale angafike okha, ndiponso kadimba ka ndiwo zamasamba. Pakati pa mango pali mpata womwe udzakhale wopanda ntchito zaka 4 kapena 5, ndipo pamenepo ndi pa mapapaya. Amayamba kubereka chaka chisanathe kapena chitangotha, ndipo pofika chaka chachitatu kapena chachinayi amakhala atatalika ndi kuchepa zipatso, nthawi yomwe mango akufuna malowo. Paphando lililonse bzalani mapapaya atatu, akachita maluwa musiye wamkazi mmodzi, ndipo m'munda monse mutsale wamwamuna mmodzi pa aakazi 10. Kumbukirani kuti mapapaya ndi nthochi nazo zimamwa, ndipo ndowa zake ziwerengedwe.

Posankha mitundu ganizani za miyezi. Mango a makolo, monga maboloma, amapsa pamodzi mu Novembala ndi Disembala, ndipo aliyense woyenda mumsewu wa M5 nthawi imeneyo amaona milu yake ndi kutsika kwa mtengo wake wogulitsira. Kuonjezera mitengo ina yopsa mwezi womwewo n'kuonjezera zoola. Mwa omezanitsa, Tommy Atkins amatsogola, Kent amatsatira, Keitt amachedwa mpaka mango ena atatha pamsika. Mitengo 6 ija itagawidwa iwiriiwiri, khomo limadya ndi kugulitsa mango kwa miyezi ingapo. Ku Salima kuli fakitale ya Malawi Mangoes. Amene cholinga chake n'kugulitsa kumeneko afunse kaye mitundu yomwe ikufunika asanagule mbande. Mtengo wakale wa mango a makolo womwe uli pamalo abwino ukhozanso kudulidwa nthambi n'kumezanitsidwa mtundu wina pa mphukira zake, ndipo umabereka msanga kuposa mbande chifukwa mizu ilipo kale. Magwafa amatsatira mango chakumapeto kwa dzinja, malalanje ndi manachesi m'miyezi yozizira, masawu ndi bwemba m'chilimwe. Malalanje a kunyanja amatha kupsa khungu likadali lobiriwira chifukwa usiku sikuzizira mokwanira kuti lisinthe mtundu, choncho alaweni m'malo modikira chikasu. Gwafa ndati mmodzi dala. Ntchentche zoboola zipatso zimachoka m'mango n'kukaswana m'magwafa, ndiye kuchulukitsa magwafa n'kuzisungira chakudya. Pamapu pakhale dzenje lokwiriramo zipatso zakugwa, zotoledwa kawiri pa sabata n'kukwiriridwa masentimita 50 pansi kuti mphutsi zisatuluke.

Nthochi zili ndi chenjezo lakelake. Matenda a chisaka, omwe anayamba kuoneka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, anawononga nthochi m'madera ambiri a dziko lino. Amayenda ndi nsabwe za nthochi komanso ndi ana a nthochi opatsana. Nthochi yodwala imapinimbira, masamba amakhala aang'ono, oimirira, othithikana pamwamba, ndipo sibereka. Mankhwala ake palibe. Ngati pakhomo pali phata lodwala, lizulidwe lonse ndi mizu yomwe, liduliridwe n'kuumitsidwa kapena kukwiriridwa musanabweretse zatsopano, ndipo mbewu ichokere komwe alangizi akutsimikizira kuti ndi yopanda matenda.

Kusamutsa mapu kuchoka m'kope kupita pansi kumafuna ngodya yowongoka, apo ayi mizere imapita ikupendama. Tengani chingwe cha mamita 12, muike chizindikiro pa mamita 3 ndi pa mamita 7, mulumikize nsonga zake. Anthu atatu akagwira pa mfundo ndi pa zizindikiro ziwirizo n'kukoka, pamapangika mbali za mamita 3, 4 ndi 5, ndipo ngodya ya pakati pa 3 ndi 4 ndiyo yowongoka. Khomani zikhomo zonse, muime kumapeto kwa mzere n'kuyang'ana ngati zabisana, kenako muzisiye sabata imodzi. Ngolo ikalephera kudutsa kapena njira ya kumjigo ikatsekeka, kusuntha chikhomo n'kosavuta. Pokumba, chikhomo chimachoka ndipo pakati pa dzenje pamasokonekera. Thabwa la mita imodzi ndi theka lokhala ndi mipata itatu, pakati ndi kumapeto konse, limathetsa vutoli: mpata wapakati ukhale pachikhomo, mukhome tizikhomo tiwiri m'mipata ya kumapeto, ndipo tsiku lobzala mukabwezera thabwalo patizikhomoto, mbande iime pampata wapakati.

Maenje akumbidwe mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya. Dothi lapamwamba liikidwe padera, lisakanizidwe ndi ndowa ziwiri za manyowa owolerana, libwerere m'dzenje ndipo mvula yoyamba ilikhazike. Manyowa aawisi amatentha mizu ndi kuitana chiswe. Bzalani mvula itakhazikika, mu Disembala mpaka pakati pa Januwale. Mbande ya mu Malichi imapeza mvula ikutsanzika. Ng'ambani chubu, musachisiye pansi, ndipo mizu yopotana kunsi muidule. Mbande ilowe kufika pomwe dothi la m'chubu linalekezera, chilonda chomezanitsira chikhale pamwamba pa nthaka. Chikakwiririka chimaola. Mphukira zotuluka kunsi kwa chilondacho zichotsedwe zikangooneka, chifukwa zikasiyidwa zimapambana mphamvu, ndipo munthu amene anagula lalanje amadzakolola mandimu okhakhala a chitsa chake. Maluwa a zaka ziwiri zoyamba athotholedwe kuti mphamvu ipite kunthambi.

Mpanda ulowe m'mapu ndi m'ndalama kuyambira pachiyambi. Anthu akakolola, mbuzi zimamasulidwa, ndipo mu Ogasiti chobiriwira chokha pamudzi chimakhala mbande yanu yothiriridwa. Ngati kutchinga munda wonse sikutheka, mtengo uliwonse ukhale ndi kampanda kake kotalika mita imodzi ndi theka, kotalikirana ndi mbande mokwanira kuti mbuzi ikaimirira isafikire nsonga. Bango, minga ya mthethe kapena njerwa zosanjikiza mosiya mipata zimagwira ntchito, ndipo kampandako kakonzeke mbande isanabzalidwe. Kuzungulira munda lambulani mamita 3 pofika mu Juni, moto wa osaka mbewa usanayambe. Patsinde pangani beseni lotambalala mita imodzi, muphimbire ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Chiswe chimakonda mbande yofooka ndi ludzu komanso zinyalala zouma zogundana ndi khungwa.

M'mipata ya mizere limani mtedza, khobwe kapena soya, kusiya mita imodzi kuzungulira mtengo uliwonse. Chimanga ndi chinangwa zimatalika kuposa mbande n'kuiphimba, choncho zikhale pa mamita 2 kapena kuposerapo, ndipo wolima ndi ng'ombe asafikitse pulawo pamizu. Mtengo uliwonse ukhale ndi nambala m'kope, pambali pake mtundu wake, tsiku lobzala ndi nazale yomwe unachokera. Timapepala ta kunazale timafufutika ndi dzuwa m'miyezi yochepa, ndipo Kent ndi Keitt simungawasiyanitse msanga asanabereke, pomwe kudziwa kumeneku kudzafunika potenga timitengo tomezanitsira kapena pobwerera kwa wogulitsa. Jambulani tsambalo ndi foni kuopa chiswe ndi mvula. Mu Epulo uliwonse yendani ndi kopelo m'munda, mulembe yomwe yafa ndi chomwe chaipha. Ngati mitengo iwiri yafera paphando limodzi motsatizana, musabwezerepo mtundu womwewo. Kumbani pambali muone ngati pansi pali mwala kapena madzi, ndipo phandolo lipatsidwe mtengo wina kapena lisunthidwe pamapu maenje a mu Okutobala asanakumbidwe.